Mmene Ana a Sitandade 7 Anafufuzira Zigubu Zanga

Anzanga, sabata yatha ndinakwera minibasi ya ku Area 25, ndipo titafika cha ku Kanengo, fungo la fodya lija litangolowera pawindo, ndinayamba kuseka ndekha. Kuseka kwenikweni, kogwedeza mapewa, mpaka kondakitala anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Madala, zili bwino?" Ndinati zili bwino mwanawe, ungondisiya. Nanga ndikanamuuza chiyani? Fungo limenelija limandibwezera ku chaka changa choyamba pa uphunzitsi, chaka chimene ndinaphunzitsa ana kulemba lipoti, ndipo anaphunziradi kuposa mmene ndinkafunira.

N'kuti ndili mnyamata, ndangotuluka kumene ku koleji, malaya awiri, tayi imodzi, mutu wodzaza ndi nzeru za m'mabuku. Ananditumiza pa sukulu ina ya pulayimale ku Area 25, cha kufupi ndi Mgona, n'kundipatsa Sitandade 7, ana odzaza kalasi mpaka ena kukhala pakhomo penipeni. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi Nachisale, amasiye a ku Dedza, olongolola koma a mtima wabwino. Akafuna kundituma ankati "mwana wanga," akafuna kundidzudzula ankati "aphunzitsi a Mbewe." Pabwalo pawo panali mpopi. Chonde gwirani pamenepa anzanga: mpopi unalipo, ndipo madzi ankatuluka bwinobwino.

Koma ine madzi ndinkatunga ku Mgona.

Zinayamba mwangozi. Loweruka lina madzi anasiya kutuluka ku 25 konse, ine ndinanyamula chigubu n'kutsetsereka kukasaka, mpaka ndinakafika pa kiyosiki ina ku Mgona, kanyumba kakang'ono ka njerwa kokhala ndi mipopi kutsogolo, pomwe anthu amagula madzi. Wogulitsa madziyo anali mtsikana wa ku Ntcheu, dzina lake Tadala, woti anamaliza Fomu 4 zaka zingapo kumbuyoko ndipo ankagwira ntchitoyo podikira kuti mwina malo a ku koleji apezeka. Anasuzumira m'chigubu changa n'kuti, "Aphunzitsi, madzi akumwa mumathira muno? Bweretsani nditsuke kaye." Anathira timiyala ndi madzi, kukhutchumula, kutaya, n'kundibwezera akuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Basi, kwatha. Madzi ku 25 anabwera tsiku lotsatira lomwelo, koma ine Lolemba m'mawa ndinali pa mzere ku Mgona, ndipo ndinali nditagula chigubu chachiwiri.

Mukuidziwa mphepo ya mu Juni ku Lilongwe, ija yong'amba milomo? Ine ndinkadzuka nayo, zigubu m'manja, kudutsa timipata ta pakati pa nyumba, kulumpha ngalande, agalu akuuwa, amayi akukoleza mbaula pakhonde, utsi wa makala uli tolo. Ndikafika ndinkanena kuti, "Mwadzuka bwanji?" Iye, "Tadzuka, kaya inu aphunzitsi?" Ine, "Kukuzizira lero." Iye, "Eee, kukuzizira." Nkhani yathera pomwepo. Munthu woti m'kalasi ndinkalankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu osameza malovu, pamaso pa Tadala lilime linkangouma gwaa! Ndiye panali dalaivala wina wa malole a fodya, wa pakamwa potsekemera, amene ankabwera ndi kachidebe kakang'ono n'kucheza naye ngati anabadwira nyumba imodzi. Ine ndikamuona mtima unkandiwawa, ndinkadziwa kuti ndikapitiriza kukamba za mphepo, tsiku lina ndidzangomva kuti Tadala wapita pa lole.

Nanga madziwo ndinkapita nawo kuti? Mgolo unadzaza, beseni linadzaza, miphika yonse inadzaza. Ndinayamba kumathirira kadimba ka mpiru ka mayi Nachisale kuseri kwa bafa, mwakachetechete, ndikuganiza kuti palibe akuona.

Teremu imeneyo tinali ndi phunziro la kafukufuku ndi kalembedwe ka lipoti, ndipo apa mpamene nzeru inandibwerera, ija ndinkaiyesa nzeru ya chaka chonse. Ndinati ndigawe ana m'magulu, gulu lina likafufuze za msika, lina za zinyalala, lina za maminibasi, ndipo gulu limodzi likafufuze za vuto la madzi pa kiyosiki ya ku Mgona. Mukuona kuchenjera kwake? Ndikanakhala ndi chifukwa chomveka choimira pa kiyosiki masana, nditavala tayi, ndikulangiza ana, Tadala n'kuona yekha kuti munthu uyu pakamwa ali napo. Ndani akanandikayikira? Ndi ntchito ya boma!

Gulu la madzilo ndinaika mtsogoleri wake Alinafe, kamtsikana kakafupi ka ku Mgona komweko, ka mawu oti kakaitana mnzake kuseri kwa bwalo la mpira, ahedi ankatuluka mu ofesi kuti aone chachitika n'chiyani. Munalinso Dalitso, mnyamata wofatsa wodziwa kujambula. Ana abwino, anzanga, maso owala, mapazi otuwa ndi fumbi, anjala ya sukulu. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima umachita kufewa.

Ndiye ndinawaphunzitsa ndi mtima wanga wonse. Ndinati wofufuza sakhala pakhonde n'kumalota, amadzuka, amapita pamalopo, amaona ndi maso ake. Akafika kwa akuluakulu amayamba wapereka moni, amanena amene wamutuma, kenako amafunsa. "Ndipo akakuyankhani musamangoti zikomo n'kumapita. Funsaninso kuti chifukwa chiyani. Akayankha, funsaninso kuti chifukwa chiyani, mpaka mufike pamuzu." Ndinawauzanso kuti mawu a munthu mmodzi si umboni, mwina wanama, mwina waiwala, ndiye mukamva kanthu pitani kwa wina mukatsimikize, ndipo mulembe kuti wakuuzani ndani. Polemba muyambe ndi mutu, kenako mawu oyamba, kenako zomwe mwapeza, mumalize ndi malangizo anu. Osathira mchere, osachotsapo kanthu.

Alinafe anakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga tikapeza zinthu zoti munthu wamkulu sangakondwe nazo?"

Ine, chitsiru cha munthu, ndinamenya tebulo mpaka choko chinadumpha. "Lembani! Choonadi sichiopa munthu wamkulu!" Ndinabwerezanso kawiri kuti zilowe bwino, ndipo zinalowadi.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza ndekha, tayi pakhosi, nsapato zopolisha. Tangofika, amayi a pamzere anayamba, "Iii, aticha, lero kawiri? Nanga zigubu mwasiya kuti?" Ine ndinangoseka mwaulemu. Tadala anatiyang'ana akumwetulira, ndipo mawu onse amene ndinakonza usiku wathunthu anathawa. Ndinangoti, "Ana awa akufuna kufufuza madzi," n'kukaima pambali ndikuyang'anitsitsa khoma la kiyosiki ngati ndine womanga nyumba. Ndinaona Alinafe akulemba kanthu msangamsanga m'kope lake, ndipo ndinati mumtima, taonani mwana wakhama uyu, sitinayambe n'komwe kufunsa koma walemba kale.

Masiku otsatira anawo ankapita okha, poti ambiri ankakhala komweko ndipo madzi a kunyumba kwawo ankatunga pomwepo. M'mawa ndikafika ndi zigubu zanga ndinkawapeza atakhala pa mulu wa njerwa, majuzi okutha zigongono, makope pamaondo, maso ali pa mzere. Ine m'malo mochita mantha ndinkanyadira! Ndinkawakwezera chala chachikulu n'kuti, "Mwachita bwino ana anga, wofufuza amalawirira." Iwo onse pamodzi, "Zikomo aphunzitsi," n'kuweramira m'makope.

Madzulo ena ndikuweruka ndinapeza gulu lonse lili pamphasa pakhonde pa mayi Nachisale, akudya mbatata yootcha. Dalitso malaya ali chinyowere. Mayi Nachisale anati, "Aphunzitsi, ana anuwa ndi aulemu bwanji, afika ndi moni, anena amene wawatuma, mafunso awo omveka." Ndinafunsa kuti kodi mwabwera kudzatani kuno, Alinafe n'kuti, "Tikutsimikiza, aphunzitsi." Ine ndinaganiza kuti akuyerekeza nyumba za mipopi ndi nyumba zodalira kiyosiki, ndipo ndinati eyaa, kumeneko ndiye kuganiza, ngakhale ine sindinakuuzeni zimenezo. Ndinawagulira ndi nzimbe. Inde anzanga, ndinawagulira nzimbe!

Malipoti anabwera sabata yochonga mayeso, mapepala ali mulu patebulo, maso akuwawa. Ndinatenga la gulu la madzi n'kuona pachikuto: Dalitso wajambula kiyosiki mwaluso, mipopi yake, ndowa zili pamzere. Ndinatsegula tsamba loyamba, malembo a Alinafe oongoka, mawu oyamba omveka bwino, anena komwe anapita ndi mmene anafunsira anthu. Ndinati basi, izi ndi zanga zomwe ndinaphunzitsa, kuwerenga zonse n'kutaya nthawi. Ndinatseka.

Mawa lake ahedi athu, mayi wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe, anafunsa mu ofesi ngati pali kalasi yomwe ingaonetse kanthu kwa makolo pa tsiku lotsekera sukulu. Anzanga onse anayang'ana pansi, ine dzanja m'mwamba. "Ana anga awerenga lipoti la kafukufuku wa madzi, madamu." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwaliwerenga lonse, a Mbewe?" Ine, "Lonse, madamu, ndi lokoma." Sindinalekere pomwepo. Ndinati pakhale mlendo wapadera woti amve zomwe ana apeza, ndipo ndinapita ndekha kukaitana wapampando wa komiti ya madzi ya ku Mgona, bambo Ngozo, mdala wamtali wopuma ntchito ku Kanengo, woti kumwetulira kwake kunali kosowa, anthu ankachita kusimba. Kenako ndinatuma Alinafe kuti akauze anti Tadala abwere nawonso, poti anathandiza pa kafukufuku. Ndinkafuna andione ndili pa ulemerero wanga. Akulu ananena kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine tsiku limenelo ndinagona tulo tokoma.

Tsiku lotsekera linafika. Mukukumbukira mmene zinkakhalira? Mabenchi atulutsidwa pansi pa mitengo, abambo pamabenchi, amayi atayala zitenje pansi, ana ali mbwee mpaka kumpanda, ogulitsa mafilizesi ndi zitumbuwa atazungulira, chimkuzamawu chobwereka ku tchalitchi chikulira tswii. Anthu a ku Mgona anabwera ambiri chifukwa anamva kuti akamba za madzi awo. Mayi Nachisale anakhala kutsogolo kwenikweni atavala duku latsopano. Tadala anaima cha kumbuyo pafupi ndi mtengo wa mango. Bambo Ngozo anakhala pa mpando wa manja pafupi ndi ahedi, chipewa chili pabondo.

Nthawi yathu itakwana, zinapezeka kuti choimikira maiki n'chachitali ndipo sichitsika, pomwe Alinafe ndi wamfupi. Ndani anadzipereka kuti agwirizire maiki pakamwa pa mwana? Ine ndemwe. Ndinawerama pambali pake, dzanja lotambasula, ndikumwetulira kwa makolo.

Anayamba bwino mwana uja. Anati iwo ndi ana a Sitandade 7, anapita pa kiyosiki masiku ambiri, anaona, anafunsa, anatsimikiza. "Choyamba, tinapeza kuti mzere umatalika kwambiri m'mawa. Anthu ena amasiya miyala ndi ndowa zong'ambika kuti ziwasungire malo, ndipo zimenezi zimayambitsa ndewu." Amayi anavomereza, "Eee, zoona!" Bambo Ngozo anagwedeza mutu. Ine chifuwa chinatukuka.

"Chachiwiri, tinapeza kuti pa kiyosiki pamabwera ngakhale anthu okhala kutali. Chitsanzo ndi aphunzitsi athu a Mbewe, amene amabwera m'mawa uliwonse ndi zigubu ziwiri." Dalitso anakweza chithunzi cha munthu wa miyendo yoonda, wa tayi, atalendewetsa zigubu. Anthu anaseka pang'ono, inenso ndinaseka nawo, ndikuganiza kuti ana akufuna kuonetsa kuti aphunzitsi awo ndi odzichepetsa, amavutika limodzi ndi anthu.

"Tinafunsa kuti chifukwa chiyani. Poyamba tinaganiza kuti mpopi wa kwawo unafa, ndiye tinapita kukatsimikiza. Alandilodi awo, mayi Nachisale, anatitsegulira mpopiwo ndipo madzi anatuluka mwamphamvu mpaka ananyowetsa Dalitso. Tinafunsa kuti nanga madzi a ku Mgona amapita kuti. Anatitengera kuseri kwa bafa n'kutionetsa mpiru."

Mayi Nachisale anadzuka pomwe anakhala n'kutembenukira khamu lonse. "N'zoona zimenezo! Mpiru wanga chaka chino masamba ake ngati a fodya, ndipo ine sindinathirirepo ngakhale kamodzi!"

Abale inu! Thukuta mu Julaye munaliona? Ndinayamba kutsitsa maiki pang'onopang'ono, ngati dzanja latopa. Koma mwana amene uja maiki ankaifuna? Mawu ake ankafika kumpanda okha. Ndiye ahedi anati, "A Mbewe, kwezani maikiyo, akumbuyo sakumva." Ndinakweza. Ndikanatani? Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Tinafunsanso kuti chifukwa chiyani," anapitiriza Alinafe, osaseka, osandiyang'ana, chala chili pa mzere womwe akuwerenga. "Tinaona ndi maso athu kuti aphunzitsi akafika kutsogolo kwa mzere amauza anthu a kumbuyo kuti adutse, iwo n'kuimabe pomwepo. Tinafunsa mayi Nasibeko, ogulitsa tomato, ndipo anati, 'Ameneyo sakufuna madzi, akufuna wogulitsa madzi.' Poti mawu a munthu mmodzi si umboni, tinafunsa amayi ena a pamzere. Onse ananena chimodzimodzi. Abambo ogulitsa makala nawonso anatero."

Bwalo lonse linaphulika. Amayi kugwerana, kumenyana pamsana, wina kukuwa kuti, "Ndinanena ine!" Aphunzitsi anzanga ena anathawira kuseri kwa kalasi kukasekera komweko. Ine ndinanong'oneza kuti, "Alinafe, lumpha, pita ku malangizo." Iye anandiyang'ana modabwa, ndipo poti maiki inali pakamwa pake, bwalo lonse linamva akuti, "Aphunzitsi, munati osachotsapo kanthu."

Ndinayang'ana ku mtengo wa mango. Tadala anali atakoka chitenje kuphimba nkhope yonse. Pamenepo kuseka kwa anthu kunasiya kundikhudza, chomwe chinandilasa ndi chakuti ndamuchititsa manyazi mwana wa eni pamaso pa Mgona yense, iye osalakwa kanthu. Ndinadziwa kuti zanga zada, dalaivala uja wapambana osatuluka n'komwe thukuta.

Koma lipoti linali lisanathe. "Tinafunsa anti Tadala, ndipo anati tizifunsa za madzi zokha. Komabe tinaona ndi maso athu kuti aphunzitsi akakhalapo, anti Tadala amaiwala kutseka mpopi, ndowa zimasefukira ndipo pamachita matope. Tinadikira kuti tione ngati zimachitikanso akabwera adalaivala a lole. Adalaivala akabwera madzi satayika."

Ha! Mtima wanga unadumpha, koma sunakhalitse m'mwambamo, chifukwa ndinaona bambo Ngozo akutembenuza khosi pang'onopang'ono kuyang'ana ku mtengo wa mango, kenako kwa ine. Mayi wina wokhala kutsogolo anandikodola n'kunong'ona mokweza kuti, "Aticha, mukuwadziwa amenewo? Ndi malume aketu a Tadala, alongo awo a mayi ake." Mayina ndi osiyana, ndikanadziwa bwanji? Munthu amene ndinakamuitana ndekha, kumukhazika ndekha pa mpando wa manja, anali mwinimbumba, yemwe mawu ake ndi omaliza pa nkhani ya ukwati wa mtsikana ameneyu.

Alinafe anamaliza monga ndinamuphunzitsira. "Malangizo athu ndi awa. Komiti iwonjezere mpopi wina. Anthu asiye kusungitsa malo ndi miyala. Aphunzitsi a Mbewe alankhule zomwe akufuna, kuti madzi asiye kutayika. Zikomo." Anapinda mawondo mwaulemu n'kubwerera m'mbuyo.

Ahedi, misozi ili m'maso chifukwa chodziletsa kuseka, anapempha mlendo wapadera kuti ayankhulepo. Bambo Ngozo anadzuka mosafulumira, n'kutenga maiki m'manja mwanga. Anati za mpopi wina komiti ikakambirana, za miyala ana anena zoona. Kenako anati, "Tsopano ndivule udindo wa komiti, ndilankhule ngati malume. Mwana watchulidwa apayu ndi wa mlongo wanga. Dzina lake lamveka pa chimkuzamawu, ndipo silingangosiyidwa m'malere chonchi. Aphunzitsi, ntchito ya ana a sukulu imachongedwa, si choncho?"

"Imachongedwa, bambo."

"Chongani pano. Ngati ana awa apeka bodza, lembani kuti alephera, tonse timve, dzina la mwana wanga liyere. Ngati anena zoona, apatseni malikisi awo. Cholembera chofiira chili m'thumba lanu la malayalo, ndikuchiona."

Anzanga, mayeso ndalemba ambiri pa moyo wanga, koma ngati amenewa ayi. Ndikati alephera, ndiye kuti ndakana Tadala pamaso pa malume ake ndi anthu onse, ndipo sindidzapondanso pa kiyosiki paja. Komanso ndiwayang'ana bwanji ana aja, amene anaima pamzere akundiyang'ana ndi maso oyembekezera, ana oti anadzuka m'mphepo, anapereka moni, anafunsa, anachita chilichonse chomwe ndinawauza? Ndikati akhoza, ndiye kuti mawu amene ndinalephera kuuza munthu mmodzi kwa miyezi yonse ija ndawanena kwa Mgona ndi 25 yense. Alinafe anandipatsira lipotilo ndi manja awiri. Ndinatulutsa cholembera, ndinachonga chichongo chachikulu mpaka pepala linabooka.

"Akhoza," ndinatero, mawu ali pansipansi.

Bambo Ngozo anandiyandikizira maiki pakamwa. "Akumbuyo sakumva."

"Akhoza zonse!"

Nthungululu zimene zinalira pamenepo, anthu odutsa pamsewu ankaganiza kuti pasukulu pali ukwati. Mayi Nachisale anavina mpaka duku linagwa. Ana a gulu la madzi ankadumphadumpha kukondwerera malikisi awo, osadziwa n'komwe kuti agwetsa chinthu chanji. Bambo Ngozo anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anati, "Chabwino. Koma kwathu ku Ntcheu nkhani ngati izi sitikambirana ndi mnyamata pabwalo la sukulu. Kwanu kuli akuluakulu? Abwere kunyumba. Ngati njira sakuidziwa, ana awa awalondolera, ndaona kuti amadziwa ponseponse." Anavala chipewa n'kukhala pansi, ndipo ena amati anamwetulira, koma ine sindinaone.

Anthu atayamba kubalalika ndinamupeza Tadala kuseri kwa kalasi ya Sitandade 2, nkhope itakwinya. Sanandipatse n'komwe mpata. "Mwandiyalutsa, aphunzitsi. Mawa ndikaima bwanji pa kiyosiki paja?" Ndinapepesa, ndinapepesanso, ndinati sindinaliwerenge lipotilo, ndipo izi zinangomukwiyitsa kwambiri. "Mphunzitsi wanji wosawerenga ntchito ya ana ake?"

Kenako anatsitsa mawu. "Lero ndamva Alinafe. Ndamva mayi Nasibeko, ndamva ogulitsa makala, ndamva amalume. Aliyense walankhula za mumtima mwanu. Inu eni ake sindinakumvenibe."

Ndiye ndinalankhula, anzanga. Zomwe ndinanena musandifunse, anali mawu okhotakhota, opanda mutu, opanda mawu oyamba, oti mwana wa m'kalasi mwanga akanalemba choncho ndikanamubwezera kuti akayambirenso. Koma ndinawanena ndi pakamwa panga, mpaka kumapeto. Iye anakumba pansi ndi chala cha kuphazi, kenako anati, "Mwachedwa nawo mawuwo, komabe afika. Pitani kwanu mukatenge amalume anu, amalume anga sakonda kudikira."

Tchuthi chimenecho ndinakwera basi kupita kumudzi kukagwada kwa amalume. Pa chinkhoswe chathu Sitandade 7 yonse inabwera yosaitanidwa, inakhala pamwamba pa mpanda, ndipo chakudya chinaperewera. Tadala ameneyo ndiye mayi a kunyumba kwanga amene ena mwa inu mumawadziwa, ndipo mpaka lero tikasemphana mawu amandikumbutsa kuti pakanapanda ana a eni, bwenzi ndikadali pamzere.

Ana aja anakula, anabalalika, ena ndikakumana nawo m'tauni ndi abambo a ndevu, ndimachita kufunsa kuti paja ndiwe ndani. Ndimawasowa, zoona. Ndaphunzitsa makalasi ambiri chichokereni nthawi imeneyo, ena a mabuku okwanira ndi madesiki abwino, koma gulu lomvera mphunzitsi mpaka kumugwetsa m'dzenje ngati limene lija sindinalionenso. Phunziro la lipoti ndimaphunzitsabe chaka ndi chaka, ndipo ndimalikonda. Kungoti ndinalumbira zinthu ziwiri. Lipoti la mwana ndimaliwerenga lonse, tsamba ndi tsamba, kuseri komwe, chitseko nditatseka. Ndipo mutu wa kafukufuku ndimasankha mosamala kwambiri masiku ano: mitengo, nyerere, mitambo, zinthu zopanda pakamwa.